Zilembo za Mtovu ku Likangala

Kuno ku Likangala pepala losindikizidwa limachokera kutali. Lisiti limene mwini chigayo amakupatsa ukapunthitsa mpunga, envulopu ya chopereka cha kutchalitchi, khadi loitanira anthu ku chinkhoswe, buku la banki m'khonde, ndondomeko ya mwambo wa maliro, zonsezi munthu amazilondola ku tauni ya Zomba. Amakwera kabaza kapena njinga yamoto, kenaka galimoto, n'kukaima pamzere m'kasitolo ka makompyuta. Akapeza magetsi azima amadikira, ndipo akapanda kuyaka mpaka dzuwa kupendeka amabwerako chimanjamanja, ndalama ya ulendo itapita. Pa maliro m'pamene zimawawa kwambiri, chifukwa tsiku loika silisuntha.

Mwana wa chemwali anga, mnyamata amene analemba mayeso a Fomu 4 koma ntchito osaipeza, anandionetsa pa foni kanema wa mayi wina wa ku Ulaya akusindikiza makhadi ndi makina a manja, opanda waya wa magetsi ngakhale umodzi. "Amalume, makina ngati awa sangagwire ntchito kwathu kuno? Nanga nditafuna kuyamba, ndigule ati?" Funso limeneli ndalisinkhasinkha kwa nthawi, ndipo pamene ndafika ndi pakuti makinawo ndi chinthu chachiwiri. Choyamba ndi zilembo zimene zingathe kulemba Chichewa osaperewera, komanso munthu woti akuphunzitse kuzigwira.

Kasindikizidwe kameneka n'kosavuta kukamvetsa. Chilembo chilichonse ndi kachitsulo pakokha, koumbidwa ndi mtovu wosakaniza ndi tini ndi chitsulo china chotchedwa antimony, chimene chimalimbitsa mtovuwo. Pamutu pa kachitsuloko pali chilembo chotukuka, choyang'ana kumbuyo monga chimaonekera pa chidindo. Wosanja amatola chimodzichimodzi mpaka mawu akwane mzere. Ngakhale mpata wa pakati pa mawu ndi kachitsulo, kofupikirapo kuti inki isakakhudze. Mizere ikakwana amaimanga zolimba mu felemu yachitsulo, n'kuika felemuyo pa makina. Marola a mphira amadutsa pamwamba n'kupaka inki pamitu ya zilembo, pepala limakanikizidwa, basi mawu atsala papepala. Johannes Gutenberg anakonza njira imeneyi mumzinda wa Mainz ku Germany cha m'ma 1450, ndipo Baibulo lake lotchuka linatuluka cha mu 1455. Ku China munthu wina dzina lake Bi Sheng anali atapanga kale zilembo zadothi zotola chimodzichimodzi cha m'ma 1040. Kuyambira nthawi ya Gutenberg, kwa zaka pafupifupi 500, mabuku ndi nyuzi zambiri za pa dziko lapansi zinkatuluka mwa njira yokanikiza pepala pa zilembo zotukuka.

Ena akamva zimenezi amayesa ndi luso la kutsidya kwa nyanja limene silinafikepo kuno. Ayi ndithu. Boma lathu lino la Zomba ndi amodzi mwa malo amene kusindikiza kunazikira mizu m'dziko muno. Nyuzi ya boma la atsamunda, British Central Africa Gazette, inayamba kutuluka ku Zomba mu 1894, ndipo nyumba yosindikizira ya boma idakalipo mu tauniyi ngakhale likulu linasamukira ku Lilongwe mu 1975. Mu 1895 R.S. Hynde anayambitsa Central African Planter, imene patapita zaka inadzakhala Nyasaland Times, kholo la Daily Times ya lero. Amishoni anali atatsogola kale: ku Blantyre Mission magazini ya Life and Work inayamba mu 1888. Ku Livingstonia, ku Likoma, ku Nkhoma, ku Malamulo, ku Likuni ndi kwa a Montfort ku Limbe, konseku kunali makina. Mabuku a nyimbo, makatekisimu ndi mabuku amene agogo athu anaphunzirira kuwerenga anadutsa m'malo amenewa. Mayina amene timawakumbukira ndi a azungu olemba ndi omasulira, koma zala zimene zinkatola zilembo tsiku ndi tsiku zinali za ana a dziko lino. Mmodzi amene dzina lake linasungika ndi Mungo Murray Chisuse, mkulu wa osindikiza pa Blantyre Mission, amene anakaonjezera luso lake ku Edinburgh. Ndi yemweyu anajambula zithunzi za John Chilembwe zimene timazidziwa. Anzake mazanamazana anapita osalembedwa paliponse, chonsecho Chinyanja chambiri chimene chinkawerengedwa m'mabuku chinadutsa m'manja mwawo chilembo ndi chilembo.

Pafupi ndi msika wa Jali pali bambo ena achikulire amene anathera unyamata wawo akusanja zilembo mu tauni. Ndinapita naye mnyamatayo kuti akamve kwa eni ake luso. Atatilonjera, analowa m'nyumba n'kutuluka ndi chitini chakale cha mabisiketi. M'menemo munali kachitsulo konga kathireyi kopapatiza kosanjiramo mzere, iwo amakatcha stiki, ndi timitolo ta zilembo tomanga ndi ulusi. Maso awo ayamba kuchita chidima, koma zala sizinaiwale. Chilembo chilichonse chili ndi kamphako m'mbali mwake. Iwo ankachitola, chala n'kumva kamphakoko, n'kuchitembenuza chisanafike mu stiki, osayang'anako n'komwe. Stiki ili kudzanja lamanzere, chala chachikulu chikugwiriziza chilembo chomaliza kuti mzere usagwe. Mawu amasanjidwa kuchokera kumanzere kupita kumanja, koma ali chadodolido, ndipo wosanja amawawerenga ali chomwecho. Anasanja mawu akuti Mpunga wa Faya, kenaka anayamba kulowetsa tizitsulo ta mipata, kuchotsa kokhuthala n'kuika kopyapyala, mpaka mzere unathina. Anapendeketsa stikiyo, chilembo n'chimodzi chomwe osasuntha.

"Tagwira apa, mdzukulu wanga," anatero. "Ukathinitsa kwambiri upinda zilembo, ukalekerera zikakhuthuka pa makina. Chala chako n'chimene chizikuuza." Mnyamata atayesa anasokoneza p ndi b, n ndi u, poti zikakhala chadodolido zimanamiza maso. Agogowo sanamudzudzule, anangomubwezera stiki kuti ayambirenso.

"Agogo, inuyo mukanati muyambe lero, mukanagula makina ati?"

"Uyambe wandiuza chimene ukufuna kusindikiza, ndi kukula kwa pepala lake. Pepala ndilo limasankha makina."

Makina amene munthu woyamba angakumane nawo alipo a misinkhu yosiyana. Ang'onoang'ono ndi oika pa tebulo, ndipo odziwika kwambiri m'maiko amene analamulidwa ndi Britain ndi a Adana. Kampaniyi anaiyambitsa Donald Aspinall ku Twickenham mu 1922, ndipo makina ake otchuka, Adana Eight-Five, anatuluka mu 1953. Dzinalo likunena kukula kwa felemu yake: mainchesi 8 m'litali ndi 5 m'lifupi, pafupifupi masentimita 20 ndi 13. Pamwamba pali mbale yozungulira yopakapo inki. Ukakanikiza chogwirira, marola awiri amakwera kukatenga inki pa mbaleyo, pepala n'kukumana ndi zilembo. Ukachibweza, umachotsa pepala n'kuika lina. Munthu mmodzi amatha kuwanyamula. Chofooka chawo n'chakuti mphamvu yonse ndi ya dzanja, kotero ukadzaza felemu yonse ndi mawu, zilembo zimatuluka mbuu. Amagwira bwino ntchito ikamatenga theka la felemu kapena kucheperapo: khadi, envulopu, kalisiti, kapepala komata pa thumba.

Okulirapo ndi oponda ndi phazi, monga telala amapondera makina ake osokera pakhonde la sitolo, phazi likuyendetsa gudumu, manja onse ali pa nsalu. Apa manja ali pa pepala: lamanja kuika loyera, lamanzere kuchotsa losindikizidwa, makina akutseka ndi kutsegula osaima. A mtundu wa Arab, amene Josiah Wade anayamba kupanga ku Halifax mu 1872, ankatumizidwa kumaiko akutali ali zidutswazidutswa n'kukamangidwa komweko. Ena otchuka ndi a Chandler & Price a ku Cleveland ku America. Amenewa ali ndi mphamvu, amasindikiza tsamba lonse la buku, ndipo nawonso safuna magetsi. Koma amalemera makilogalamu mazana angapo, amafuna simenti pansi, ndipo sakhululukira dzanja lochedwa. Osindikiza akale ambiri zala zawo zinaphwanyikira pa makina otere, chifukwa munthu akaona pepala lapendekeka mtima umamuuza kuti alikonze, pomwe chitsulo chikutseka kale.

Pamwamba pa onsewa pali Heidelberg ya ku Germany, imene imadzitolera yokha mapepala ndi mpweya n'kutulutsa masauzande angapo pa ola. Kampaniyo inasiya kuipanga mu 1985, koma m'nyumba zosindikizira zambiri idakagwirabe ntchito, makamaka yoika manambala pa malisiti, kuboola timabowo tong'ambira pepala ndi kudula makatoni. Ndi makina okongola, ndipo mnyamata aliyense akawaona akugwira ntchito mtima umadyokoka. Koma amalemera kupitirira tani imodzi, amafuna magetsi amphamvu, ndiponso mmisiri wodziwa mkati mwake. Kwa munthu wa ku Likangala amenewa abwezeretsa vuto lomwe lija tikulithawa.

Ine ndinamuuza mnyamatayo kuti ayambe ndi a pa tebulo, ndipo asatsike pansi pa 8 ndi 5, chifukwa ocheperapo amangokwana khadi la dzina. Chifukwa changa chachikulu ndi dera limene tikukhala. Kuno ndi kuchigwa. Mtsinje wa Likangala umatsika ndi madzi ochokera ku phiri la Zomba, n'kudzawatula m'madambo athu usanalowe m'nyanja ya Chilwa, nyanja yopanda mtsinje wotulutsa madzi. Amene anaona namondwe wa Freddy m'mwezi wa Marichi 2023 akudziwa zimene munthu amatha kupulumutsa madzi akalowa m'nyumba usiku: zokhazo zimene angasenze pamutu. Makina a pa tebulo umawanyamula n'kuthawa nawo kumtunda, ndiponso tsiku la msika utha kuwamangirira pa njinga n'kupita nawo ku doko la Kachulu. Chitsulo cha theka la tani chimatsala m'matope. Komanso wophunzira amalakwitsa, ndipo ndi bwino alakwitse pa makina amene dzanja lake lomwe ndilo likuwayendetsa, oti akasiya chogwirira amaima. Luso limene aphunzire pamenepo, kusanja, kumanga felemu, kuyeza inki, kuika timapepala kuseri kuti zilembo zonse zikhudze mofanana, n'lomwelo limene adzafune tsiku limene adzakwere pa makina oponda.

Makina amenewa atsopano ndi osowa ndiponso odula, choncho amene angapezeke ndi akale: m'nyumba zosungiramo katundu za mishoni, kuseri kwa nyumba zosindikizira zimene zinasinthira ku makompyuta, kapena kwa abale amene ali ku Johannesburg ndi ku Bulawayo. Wogula asanyengeke ndi penti. Dzimbiri la pamwamba si kanthu, limachoka ndi palafini ndi sandipepa. Choopsa ndi mng'alu, chifukwa chitsulo choumba chikasweka, ngakhale wowotcherera waluso achilumikize, sichibwerera mwakale, ndipo makina amayamba kukanikiza mbali imodzi. Aonetsetse kuti felemu ilipo, pakuti makina opanda felemu yake ndi chitsulo chabe. Ayendetse chogwirira pang'onopang'ono, amve ngati pali pogwedera. Marola okha ayembekezere kuti akhala otha. Akale ankapangidwa ndi guluu wosakaniza ndi zinthu zotsekemera, ndipo oterowo kuno sakhalitsa: kutentha kwa Okutobala kumawafewetsa, chinyezi cha dzinja chimawatupitsa, makoswe ndi mphemvu n'kumalizitsa. Ofunika ndi a mphira, ndipo mtengo wowapezera auwerengere limodzi ndi mtengo wa makina asanatulutse ndalama.

Tsopano za zilembo, zimene ndati ndizo mutu wa nkhani. Zilembo zinkagulitsidwa m'mapaketi, ndipo osula zilembo a ku Britain ankawerengera paketi iliyonse potsata Chingerezi. M'Chingerezi chilembo chochuluka ndi e, kotero paketi imadzaza ndi e, pomwe z ndi k zimangokhala zowerengeka. Chichewa chimayenda mwina. Taonani mawu amene angalembedwe pa lisiti lililonse kuno: Talandira ndalama za mpunga. Muli zilembo 24, ndipo 8 mwa izo ndi a. E mulibe ndi mmodzi yemwe. Aneni athu ambiri amathera ndi a, maina ambiri chimodzimodzi, ndipo ku, kwa, za, wa, zimene, ndi mawu obwera mzere uliwonse. Wosanja Chichewa ndi paketi ya Chingerezi amafika mzere wachisanu a atatha, k atatha, z atatha, w watsala mmodzi, pomwe chipinda cha e m'dilowa losungiramo zilembo chili chodzaza ndipo q ndi x sizinakhudzidwe. Palinso kachizindikiro kam'mwamba kamene timalemba mu ng'ombe, m'mudzi, n'chifukwa. Chingerezi chimakagwiritsa ntchito mwa apo ndi apo, ife timakafuna pafupipafupi, ndipo ndi kachitsulo kopyapyala kosachedwa kuthyoka.

Agogo aja anati m'masiku awo nyumba zosindikizira zinkaitanitsa zilembo zoonjezera zokhazo zimene zikuperewera, ndipo pamene panali makina oumba zilembo, monga Monotype, ankangoumba a ochuluka mmene afunira. Woyamba lero alibe mwayi umenewo. N'chifukwa chake ndikuti asatengeke ndi kukongola kwa mitundu yambiri ya zilembo. Wogulitsa akamuonetsa madilowa khumi, lililonse la mtundu wake, koma lililonse lochepa, aziwasiya. Aziyang'ana dilowa lolemera la mtundu umodzi wosavuta kuwerenga, la saizi 12, ndipo asanalipire atsegule chipinda cha a, cha n, cha k, cha m ndi cha z, aone ngati muli kanthu. Akapeza madilowa awiri a mtundu womwewo ndi saizi yomweyo, atenge onse. Pamwamba pake, saizi imodzi yokulirapo ya mitu, 18 kapena 24, ndi manambala okwanira. Ndi zimenezi atha kugwira ntchito zaka zambiri. Makina abwino okhala ndi zilembo zosakwana mizere isanu ya Chichewa adzangokhala chokongoletsa pabalaza.

Pali chilembo china chimene sadzachipeza m'dilowa wamba: ŵ, w wa kadenga, amene ena amalemba m'dzina la Malaŵi. Olemba Chichewa ambiri lero anamusiya, koma kuno tikukhala ndi Ayawo, ndipo m'Chiyawo cholembedwa amabwera kawirikawiri. Chilembochi chimapezekanso m'chinenero cha Welsh ku Britain, choncho osula zilembo a kumeneko ankachidziwa, kungoti chinkafuna kuitanitsa mwapadera. Amene angapeze dilowa lochokera ku nyumba yosindikizira ya mishoni, momwe munkasindikizidwa zinenero zathu, wapeza chuma choposa makina, chifukwa dilowa limenelo linawerengeredwa kale potsata pakamwa pathu.

Chinanso choti ayeze ndi msinkhu. Zilembo zonse za m'felemu imodzi ziyenera kutalika mofanana ndendende, apo ayi zazitali zimaboola pepala, zazifupi osaoneka. Ku Britain ndi ku America msinkhu wake ndi 0.918 ya inchi, pafupifupi mamilimita 23.3. Ku France ndi ku Germany unali wotalikirapo, mamilimita 23.56. Kusiyanako diso silingakuone, koma pepala limakuona. Ife tili m'malire. Kutsidya kwa Chilwa ndi Mozambique, kumene katundu wambiri wakale anachokera ku Ulaya wa kumtunda. Wopeza zilembo kumeneko aziimike pambali pa chilembo cha kuno, pagalasi losalala, ayendetse chala pamwamba pake asanazisakanize.

Chimene chimandipweteka mtima n'chakuti zilembo zimenezi zikutha, ndipo zikutha mwakachetechete. Nyumba zosindikizira zitasamukira ku njira zatsopano, madilowa anakhala opanda ntchito, ndipo mtovu uli ndi mtengo kwa ogula zitsulo zakutha. Iwo amayeza pa sikelo, osafunsa kuti chitsulocho chinasindikizapo chiyani. Makina osweka mmisiri atha kuwasulira chitsulo china, koma dilowa la zilembo likasungunulidwa, palibe m'dziko muno amene angaliumbenso. Ndikanakonda akuluakulu a mipingo ndi a nyumba zakale zosindikizira akanati asanagulitse, ayambe afunsa ngati pali sukulu ya ntchito zamanja kapena wachinyamata amene angazisamale.

Mtovu ndi poizoni, ndipo izi ndinamuuza mnyamatayo mosabisa. Kugwira zilembo sikupha munthu, koma fumbi lake likalowa m'kamwa tsiku ndi tsiku limaononga thupi, makamaka ubongo wa ana. Ife timadya ndi manja. Wosanja asambe ndi sopo asanakhudze nsima, asaike chilembo pakamwa, asapemerere fumbi la m'dilowa, ndipo madilowa akhale m'chipinda chotseka chimene ana sakwawiramo. Zilembo zothyoka azisunge m'chitini, asazitaye kudzala kumene nkhuku zimapalasa.

Nanga ndalama ilipo? Apa ndiyenera kunena zoona, chifukwa mnyamatayo akufuna chodyera. Pa ntchito zina kompyuta sangaipose. Masiku ano ndondomeko ya maliro anthu amaifuna ndi chithunzi cha malemu, chamitundu, ndipo makina a manja sangachite zimenezo. Chikalata cha masamba khumi chofunika makope atatu, fotokope ndiyo yotchipa. Kusanja tsamba limodzi ndi manja kumadya maola, ndipo ukamaliza kusindikiza uyenera kutsuka zilembo ndi palafini n'kubweza chilichonse m'chipinda chake. Kumene makina a manja amapambana ndi ntchito ya mawu ochepa koma makope ambiri, yobwerezedwa chaka ndi chaka. Lisiti la chigayo umalisanja kamodzi, n'kulimanga ndi ulusi, n'kulisunga. Mwini chigayo akabweranso umangolikweza pa makina. Pali kachipangizo ka manambala kamene kamamangidwa mu felemu pamodzi ndi zilembo, kamene kamadzisinthira nambala pepala lililonse likakanikizidwa, ndipo malisiti a manambala otsatana ndiwo amene makomiti a m'madoko, magulu a alimi a pa sikimu ya mpunga ndi a banki m'khonde amafuna kuti ndalama zisasowe. Envulopu za chopereka, matikiti a mpira, timapepala tolemba dzina la mlimi ndi kulemera kwa mpunga wa Faya kapena Kilombero, zonsezi ndi ntchito zake. Inki ya mafuta ikauma sisungunuka ndi madzi, chinthu chimene msodzi wosunga chiphaso m'thumba lonyowa angachiyamikire. Chitini chimodzi cha inki yakuda chimakhala nthawi yaitali, chifukwa kadontho kochepa kamakwana makope ambiri, ndipo woyamba aliyense amapaka yochuluka mpaka zilembo kutsekeka maso.

Komabe ndinamuletsa kutenga ngongole. Ndalama za kuno zimayenda ndi nyanja. Matemba, makumba ndi milamba zikachuluka, pa Kachulu pamakhala anthu ochokera kutali, aliyense ali ndi kanthu m'thumba. Koma Chilwa ndi nyanja yosaya imene imaphwa: inauma mu 1968, inaumanso mu 1995, ndipo mu 2018 madzi anathawa mpaka mabwato kutsala pamatope. Zikatero asodzi amabalalika, misika imazizira, ndipo palibe amene amaganiza za khadi la ukwati losindikizidwa. Makina a manja ali ndi ubwino wakuti akakhala osagwira ntchito sadya kanthu: umawapaka mafuta, n'kuwafunditsa nsalu, iwe n'kupita kumunda. Ngongole yokha ndiyo imadya ngakhale nyanja itauma.

Pali chifukwa china chimene ndikufunira kuti mnyamatayu ayambe, choposa malisiti. Ndaphunzitsa ana a sitandade 1 ndi 2, ndipo ndikudziwa mmene buku limodzi limazungulirira ana ambiri mpaka masamba kuthothoka. Mwana wa kuno amawerenga za malo amene sanawaonepo, koma sanaonepo dzina la mudzi wake, la chilumba cha Chisi kapena la mtsinje umene amasambamo litasindikizidwa papepala. Makina a pa tebulo sangatulutse buku lalikulu, koma khadi la mizere isanu ndi umodzi atha: nthano yaifupi ya agogo, ndagi, maina a nsomba ndi mbalame za m'dambo, m'Chichewa, m'Chiyawo kapena m'Chilomwe. Makope 100 a khadi lotere ndi ntchito ya masana amodzi, ndipo mwana aliyense atha kupita nalo kwawo. Palibe wofunika kupempha chilolezo ku ofesi yakutali kapena kudikira kuti wina aone ngati msika wake ulipo. Ndaonanso kuti munthu wosanja ndi manja amachiyang'anitsitsa chinenero chake. Amayenera kugamula ngati mawu awiri alumikizane kapena atalikirane, ngati apa pafunika l kapena r, ngati kachizindikiro kam'mwamba kaikidwe, chifukwa chilichonse ndi chitsulo choti atole. Pa foni timalemba mothamanga n'kumadula mawu. Mu stiki mulibe chidule.

Tinagwirizana kuti asanagule kanthu, azipita kwa agogo aja Loweruka lililonse, azikasanja ndi kumasula mizere ndi zilembo zochepa za m'chitini zija mpaka zala zizolowere. Luso lotere silikhala m'buku. Lili m'manja mwa anthu ochepa okalamba amene atsala ku Zomba, ku Blantyre, ku Nkhoma ndi ku Likuni, ndipo ambiri mwa iwo palibe amene anawafunsapo kanthu chiwapumitsireni pa ntchito. Uku akuphunzira, uthenga wapita kwa abale ndi kwa azibusa odziwana nawo kuti akamva za madilowa a zilembo penapake atidziwitse, ngakhale makina asanapezeke.

Zilembo zazikulu za mitu ndi zikwangwani zokha sitidikira kuti zichokere kunja. Kuyambira kale zazikuluzikulu zinkasemedwa pa mtengo, chifukwa mtovu wochuluka chotero umalemera ndiponso suumbika bwino. Kalipentala wa pa Jali wavomera kuyesa ndi zidutswa za mlombwa wouma zotsala pa zitseko. Mnyamatayo ajambula chilembo papepala lopyapyala, alitembenuza, n'kuchidinda pa thabwa. Kalipentala asema ndi tchizulo, kuchotsa zonse zozungulira chilembocho. Chovuta ndi kupala thabwalo kuti lifike mamilimita 23.3 mbali zonse, ndipo agogo aja amubwereka chilembo chimodzi cha mtovu choti aziyezera. Likaperewera pang'ono, amata pepala kunsi kwake. Ayamba ndi A asanu ndi mmodzi, K anayi, N anayi, M anayi ndi Z atatu, kenaka Ŵ.